Malipiro akutha pa 15: zotchipa zenizeni zimapezeka kuti?

Funso

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Bambo a kunyumba amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Tili ndi ana atatu komanso mlamu wanga amene ali ku sekondale. Malipiro akalowa, pofika pa 15 ndalama yatha, chonsecho sitidya zapamwamba. Ndikangomva kuti sitolo yakuti yatsitsa mitengo ndimathamangirako, mipikisano ya pafoni ndimalowanso, koma sindikuona kusintha. Kodi anzathu zotchipa ndi zaulere amazipeza kuti?

Yankho

Mayi, funso lanuli ndakhala ndikulimva kwa zaka zambiri, poyamba ndili kuseri kwa kauntala ya golosale yomwe ndinkayendetsa, kenako pophunzitsa magulu a banki m'khonde za kagulidwe ka katundu. Ndiyambe ndi kukuchotsani mlandu: si kuti ndinu osasamala ayi. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi yomwe kubanki inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Dziko lathu limaitanitsa kunja mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala, zovala, ngakhale zipangizo zopangira sopo ndi mafuta ophikira. Kwacha ikagwa zonsezi zimakwera mlungu womwewo, koma malipiro a mphunzitsi amatsalira m'mbuyo. Palibe luso logulira zinthu lomwe lingabweze zonse zimene zinatayika pamenepo. Chomwe tingathe ndi kutseka timabowo tomwe ndalama yotsalayo ikudonthera, ndipo timabowoto n'tambiri.

Mwati mumathamangira kumene atsitsa. Ndikufunseni: mukaona chikwangwani chofiira chakuti mtengo watsika, mumadziwa kuti chinthucho chinali pa ndalama zingati milungu itatu yapitayo? Ngati simukudziwa, ndiye kuti amene akukuuzani kuti chatchipa ndi mwini sitolo yekha. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, poti mitengo yeniyeni ikusintha mlungu ndi mlungu. Ketulo inali pa K20,000. Kumayambiriro kwa mwezi yakwezedwa kufika pa K26,000, kenako kwabwera chikwangwani chakuti achotsera 25 peresenti. Mulipira K19,500. Inu mukupita kwanu mukusangalala kuti mwapulumutsa K6,500, pamene zoona zake mwapulumutsa K500. Sindikunena kuti masitolo onse amatero, ndipo kutsitsa kwenikweni kumachitika ndithu, makamaka akafuna kuchotsa katundu wakale kuti alowetse watsopano. Koma wosiyanitsa ziwirizi ndi yekhayo amene amadziwa mtengo wa masiku onse. Ngakhale Black Friday yomwe yatchuka mu Novembala, mwambo wa ku America womwe unatifika kudzera m'masitolo akuluakulu ochokera ku South Africa, imapindulira munthu amene anasankhiratu chinthu chake miyezi iwiri m'mbuyomo n'kumachiyang'anira mtengo. Wongolowa kuti akaone zimene zatchipa amatulukamo ndi zinthu zomwe sanazifune. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye poti ndinu mphunzitsi, tengani kope limodzi la ana asukulu. Lembanimo zinthu zimene nyumba yanu imagula mwezi uliwonse mosalephera: ufa kapena chimanga, shuga, mchere, mafuta ophikira, sopo wochapira ndi wosambira, mafuta odzola, nyemba, mpunga, makala, mayunitsi a magetsi. Sizipitirira 15. Pambali pa chilichonse muzilemba tsiku, malo amene mwagula, kuchuluka kwake ndi mtengo. Pakatha miyezi iwiri mudzadziwa mitengo kuposa wogulitsa wina aliyense amene angafune kukupusitsani. Kuchuluka kwakeko ndiye musaiwale, chifukwa mtengo woyenera kuyerekeza ndi wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi, osati wa paketi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chachikulu chimatchipa nthawi zonse. Si zoona. Ngati botolo la mafuta la malita 2 lili pa K10,000, lita imodzi ndi K5,000. Ngati la malita 5 lili pa K27,000, lita imodzi ndi K5,400, ndiye kuti mabotolo ang'onoang'ono ndi amene atchipa. Foni yanu ili ndi chowerengetsera, musachite nacho manyazi m'sitolo. Muziwerenganso magalamu olembedwa pa sopo ndi pa buledi, chifukwa opanga zinthu akaopa kukweza mtengo amachepetsa chinthucho, pepala lokutira n'kukhala lomwe lija.

Tsopano ndifike pa bowo lalikulu, limene ndikukhulupirira kuti ndi lomwe likumeza ndalama zanu kuyambira pa 15 kupita m'tsogolo. Ndalama ikachepa timayamba kugula zapatsikupatsiku: kawokimani ka ufa, kachubu ka mafuta, shuga womanga m'kapepala, sopo wodula pakati. Zimaoneka zotchipa chifukwa ndalama yotuluka m'manja ndi yochepa, koma palibe malonda odula kuposa amenewa. Ndikunena zimene ndinkachita ndekha. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, tinene ya K3,000, ndikaigawa m'timapepala 20 togulitsa pa K250, imabweretsa K5,000. Wogulitsayo sakuba, akulipiritsa ntchito yake, mapepala ndi malo ake. Koma zotsatira zake n'zakuti mayi wa ku Chirimba wogula shuga wa m'mawa uliwonse amalipira kilogalamu modula kwambiri kuposa bwana wa ku Namiwawa amene amanyamula mapaketi khumi nthawi imodzi. Chinthu ichi chimandipweteka mtima: m'dziko muno wosauka ndi amene amagula modula. Mukawerengetsa m'kope lanu ndalama imene imapita ku timaphukusi timeneti m'masabata awiri omaliza a mwezi, mudzadabwa.

Mankhwala ake ndi kugula zokwana mwezi wonse tsiku lomwe malipiro alowa, ndipo ngati n'kotheka kugula pa mtengo wopikulitsa. Mudzati ndalama ya katoni yonse ya sopo kapena belo ya shuga mulibe. Inde nokha mulibe, koma kusukulu kwanu kuli aphunzitsi angati amene amalandira tsiku limodzi ndi inu, ndipo onse amagula sopo yemweyo? Mutu umodzi susenza denga. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi mukasonkha, mmodzi kapena awiri n'kupita kukaoda ku Limbe kumene eni maokala amaodako, mumagula pa mtengo umene wa okala amagulira, ndipo ndalama ya thiransipoti mumagawana. Ndaona magulu otere akuyenda bwino zaka zambiri, ndaonanso ena akupasuka pa mwezi wachitatu. Opasukawo amagwa pa zinthu ziwiri: wina kulonjeza kuti adzapereka mawa katundu atagulidwa kale, ndi wotumidwa kubwera wopanda lisiti. Choncho lamulo likhale lakuti ndalama iyambe yasonkhedwa, wopita kukagula azisinthana, malisiti aziikidwa poyera, ndipo katundu agawidwe tsiku lomwelo onse akuona. Mafuta a m'chigubu cha malita 20 muzigawana ndi botolo limodzi loyezera, m'mabotolo ochapa ndi ouma bwino.

Pali vuto lina limene ambiri salitchula. Shuga akachuluka m'nyumba, supuni imakula. Ana akaona mapaketi anayi pashelefu, tiyi amasanduka uchi, ndipo achibale ndi anansi akadziwa kuti kwa aphunzitsi kuli katoni ya sopo, kupempha kumachuluka. Ngati zogula za mwezi zitha m'masabata awiri, kupikula kuja kwapita pachabe. Zosungazo zikhale m'katoni kuchipinda kwanu, ndipo kukhitchini muzitulutsako za mlungu umodzi basi.

Za kuthamangira sitolo yakutali, muziwerengera ndi minibasi yomwe. Kuchoka ku Chirimba kukafika ku Chichiri kapena ku Limbe n'kubwerera ndi ndalama, ndipo ngati mwapulumutsa K400 pa zinthu zitatu koma ulendo wadya K3,000, mwaluza. Ulendo wotero umapindula ukakhala umodzi pamwezi, muli ndi mndandanda m'manja, mutadya kale kunyumba, ndipo ana mwawasiya. Masitolo akuluakulu amatsitsadi zinthu ziwiri kapena zitatu zodziwika, monga shuga, mafuta kapena nkhuku, n'cholinga choti mulowe. Phindu lawo amalipeza pa zina zimene mudzaponye m'basiketi muli m'katimo. Tengani zotsitsidwazo ngati zili pa mndandanda wanu, zinazo zisiyeni.

Koma ndalama yaikulu kwambiri imene banja la m'tauni lingapulumutse pachaka siili m'sitolo iliyonse. Ili pa chimanga. Pafupifupi chaka chili chonse mtengo wa chimanga umatsika anthu akamakolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo umakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pachimake mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zitapepuka. Zaka zina umakwera kuwirikiza. Banja la anthu asanu ndi mmodzi ngati lanu limadya thumba la makilogalamu 50 ndi kupitirirapo pamwezi, ndiye ganizirani kusiyana kwa kugula matumba khumi mu Juni ndi kugula kachigoba kamodzikamodzi mu Febuluwale. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kusungira ndalama kuyambira Januwale, kapena kulunjikitsa nthawi yogawana ku banki m'khonde, ndi chimenechi.

Pogula chimanga chambiri pamafunika maso. Chimanga chongokololedwa kumene chimakhala ndi madzi, chimalemera pasikelo, ndipo mukachisunga chotero chimachita chuku. Lumani njere: youma imathetheka, yaiwisi imangophwanyika mofewa. Njira ina ndi kuika njere zingapo m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, n'kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chiyanikidwe kaye. Za muyeso, ndowa ndi zigoba za pamsika sizifanana. Ena amaponda pansi pa ndowa kuti ilowe m'kati, ena sikelo yawo inasokonezedwa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene lili ndi udindo woyesa masikelo a malonda, koma silingakhale pa msika uliwonse tsiku lililonse, choncho dzitetezeni nokha: nyamulani paketi yosatsegula ya shuga ya kilogalamu imodzi, muiike pasikelopo musanayambe kuyezetsa. Wogulitsa wachilungamo sakwiya nazo. Posunga, ine ndimalimbikitsa matumba a PICS, aja ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba wamba kunja, omwe anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America. Mukamanga bwino pulasitiki iliyonse payokha, mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafa okha popanda kuthira mankhwala. Amadula pogula, koma amagwira ntchito zaka zingapo ngati sanabooke. Muwaike pa matabwa, osati pansi, kutali ndi khoma ndi makoswe. Chimanga chotchipa chimene chafumbwa pofika Okutobala sichinatchipe.

Zinthu zina zonse za kumunda ndi kunyanja zilinso ndi nyengo yake. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga ndi wa Faya umatsika akamakolola chapakati pa chaka, nyemba ndi mtedza chimodzimodzi. Tomato amachuluka m'chilimwe madimba akabereka, n'kudula kwambiri m'dzinja pamene mvula imamuwononga. Amayi athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankafutsa: mfutso wa nkhwani, khwanya ndi chitambe unkadyedwa masamba atasowa, ndipo tomato wodula n'kuyanika padzuwa amasungika miyezi. Usipa nawo uli ndi kalendala yake. Asodzi amaukopa ndi nyali usiku, ndiye mwezi ukawala kwambiri sugwidwa wambiri, ndipo mphepo ya mwera ikamaomba m'miyezi yozizira asodzi ambiri salowa panyanja; masiku amenewo mulu umachepa. Gulani wouma bwino masiku amene wachuluka. Bambo akunyumba kapena wachibale akamadutsa msewu wa M1, pa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano ku Ntcheu mbatata ya kachewere, kabichi ndi anyezi zimakhala pa mtengo wa kumunda, ndipo thumba limodzi mutha kugawana mabanja atatu.

Pamsika, kunenerera si chipongwe, ndi mbali ya malonda, koma kuli ndi kachitidwe kake. Funsani mtengo pa mabenchi atatu musanatulutse ndalama. Safunsa anadya phula. Musaonetse kuti chinthu mwachikonda kwambiri, ndipo musanyoze katundu wa munthu pofuna kuti atsitse, chifukwa wonyozedwa amaumitsa mtima. Nenani ndalama imene muli nayo mwaulemu, ndipo mukhale okonzeka kuchoka. Zinthu zowonongeka msanga monga masamba, tomato wakupsa ndi nsomba zaziwisi zimatsika dzuwa likapendeka, pamene wogulitsa akuganiza zoti asabwerere nazo kunyumba. M'mamawa kwambiri, pamene alimi ndi magalimoto akutsitsa katundu, ndi nthawi ya mtengo wooda. Pakati pa tsiku, makamaka kumathero a mwezi anthu atalandira, ndi pamene mitengo imauma. Komabe ndinene ichi: mayi wogulitsa mulu wa mpiru phindu lake ndi lochepa zedi, ndipo kumufinya mpaka agulitse moluza si kupulumutsa ndalama, n'kumulanda chakudya cha ana ake. Mphamvu zanu zonenerera zisungireni pa zinthu zikuluzikulu, monga matiresi, malata, nsapato ndi mapoto.

Mwafunsa za zaulere. Chaulere chenicheni cha pamsika wathu ndi basela, ndipo basela sabwera ndi mwayi, amabwera ndi ubale. Mukakhala ndi mayi wanu wa tomato, bambo wanu wa makala, mnyamata wanu wa nsomba, amene mumagula kwa iwo nthawi zonse, kuwapatsa moni ndi kuwalipira mosavuta, iwo ndi amene amaponya tomato awiri pamwamba, amakusankhirani thumba la makala lopanda fumbi pansi, ndipo amakunong'onezani kuti mawa mtengo ukwera, tengani lero. Pachaka zimenezi zimaposa mphatso iliyonse ya mpikisano. Zaulere zina zenizeni ndi zimene boma limapereka koma anthu amakazigula chifukwa chothawa mzere: katemera wa ana, kuyezetsa malungo ndi mankhwala ake m'zipatala za boma, njira zolerera, masikito amene amagawidwa kwa amayi oyembekezera ndi pa nthawi ya kampeni. Ndikudziwa kuti mankhwala amasowa nthawi zina, koma yambani mwafunsa kumeneko musanapite kukagula. Zija zakuti gulani ziwiri mutenge chachitatu chaulere, tanthauzo lake n'lakuti akuchotserani gawo limodzi mwa magawo atatu. N'zabwino ngati zitatuzo mukanazigula ndithu ndipo sizionongeka musanazigwiritse ntchito.

Mipikisano ndiye ndikupemphani muisiye, kupatula imene mumalowa popanda kuwonjezera ndalama pa zimene mukanagula kale. Ngati mukugula mayunitsi ambiri kapena kutumiza mauthenga olipira kuti dzina lanu lilowe m'mayere, mukulipirira galimoto imene adzapambane munthu mmodzi mwa anthu miyandamiyanda. Choopsa kwambiri ndi mafoni ndi mauthenga akuti mwapambana, kapena akuti dzina lanu lasankhidwa kulandira thandizo, koma muyambe mwatumiza ndalama yolembetsera kapena ya thiransipoti. Ena amanamizira kuti atumiza ndalama molakwika ku nambala yanu ndipo muwabwezere, chonsecho uthengawo aulemba okha. Dziwani ichi: mphoto yeniyeni salipirira, ndipo palibe wogwira ntchito ku Airtel Money, ku TNM Mpamba kapena kubanki amene ali ndi chifukwa chokufunsani nambala yanu yachinsinsi. Wina akaifunsa, dulani foni. Chimodzimodzi malonda a pa Facebook ndi pa WhatsApp a mafoni, mafiriji ndi nsapato zotchipa modabwitsa: katundu muyambe mwamuona ndi kumugwira, pamalo pa anthu, ndalama pambuyo. Ndaona aphunzitsi anzanu akulira malipiro a mwezi wathunthu atapita mwa njira imeneyi, ndipo ndalama zotero sizibwerera kawirikawiri.

Pa zovala, kaunjika ndi amene waveka dziko lino, ngakhale nayenso wakwera chifukwa mabelo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mukukumbukira kuti mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero mpaka ku Nyumba ya Malamulo podandaula mitengo ya mabelo. Kagulidwe kake kali pawiri. Tsiku lotsegula belo mumapeza zabwino kwambiri koma pa mtengo wokwera. Masiku akamapita mtengo umatsika mpaka zotsala zimagulitsidwa mongotaya. Masitolo a DAPP amayendanso motero, mtengo umatsika masiku akamapita mpaka katundu watsopano atalowa, ndiye funsani ogulitsa kuti watsopano amalowa liti ndipo tsiku lotsika kwambiri ndi liti. Nsapato za kusukulu ndi jekete ya bambo yoyendera panjinga zigulidwe tsiku loyamba, poti pamenepo mukufuna cholimba. Zovala zoseweretsa ana pakhomo zidikire masiku otsika. Majuzi ndi mabulangete gulani mu Okutobala kukutentha, osati mu Juni aliyense akunjenjemera, ndipo yunifolomu ndi makope musadikire mlungu wotsegulira sukulu mu Sepitembala. Chovala chilichonse muchitembenuze, muone m'khwapa, zipi ndi msoko, ndipo muchiyang'ane padzuwa.

Pali zinthu zimene sindilola munthu kugula chifukwa chotchipa. Mankhwala a pamsika kapena a m'basi, osadziwika kumene achokera ndi mmene asungidwira, ayi. Mawaya a magetsi, masoketi ndi matchaja osadziwika bwino atha kuotcha nyumba kapena kupha foni yodula. Mtedza wonyowa kapena wachuku, umene ena amaunyowetsa kuti usendeke msanga ndi kulemera, uli ndi poizoni wowononga chiwindi ngakhale mutaukazinga. Chipewa choteteza mutu cha bambo panjinga chisakhale chotchipa chongokongola. Pa zinthu zopangidwa m'fakitale muziyang'ana chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards (MBS) ndi tsiku lothera ntchito. Katundu amene watsala pang'ono kutha nthawi yake amatsitsidwa kwambiri, ndipo palibe cholakwika kumugula ngati mudya mlungu womwewo. Koma chitini chotupa, paketi yobooka, kapena tsiku looneka kuti lafufutidwa n'kudindidwanso, musatenge ngakhale akupatseni ulere, makamaka mkaka ndi zakudya za ana. Ndipo pa zinthu zogwiritsa ntchito nthawi yaitali muziwerengera moyo wake: babu la LED limadula pogula koma limadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mababu akale aja otentha, ndipo mbaula ya chitetezo imachepetsa nkhuni tsiku ndi tsiku.

Muli ndi ufulu umene ambiri sagwiritsa ntchito. Mtengo wolembedwa pashelefu ndi umene muyenera kulipira. Ukasiyana ndi wa pamakina olipirira, nenani pomwepo, musachite manyazi ndi anthu a pamzere. Werengani lisiti musanatuluke pakhomo, chifukwa chinthu chimodzi chimatha kuwerengedwa kawiri. Lisitilo musataye, ndi umboni wanu chinthu chikapezeka chowonongeka, ndipo pa wailesi, ayironi kapena foni funsani pepala la chitsimikizo lolembedwa miyezi yake, muyesetse chinthucho m'sitolo momwemo. Zikwangwani zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sizichotsa udindo wa wogulitsa pa katundu wowonongeka, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda za zimenezi. Kumeneko ndi kumene mungakadandaule kwaulere, komanso kuli bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi. Chenji chanu ndi ndalama, osati maswiti kapena machesi amene simunapemphe. Ngati alibe, akuchotsereni pa mtengo kapena mulipire pafoni.

Foniyo nayo ndi bowo. Kuimba kapena kulowa pa intaneti popanda bandulo kumadya mayunitsi msanga, ndipo timabandulo ta tsiku limodzi togula kawirikawiri timaposa ya mwezi mukaphatikiza, ngakhale ya mwezi imafuna kudziletsa kuti isathere pa mavidiyo mlungu woyamba. Kutapa ndalama kwa ejenti pang'onopang'ono kasanu kumadula kuposa kutapa kamodzi, ndipo pamene mungalipire mwachindunji kuchokera pafoni, monga magetsi a ESCOM ndi madzi, musayambe mwatapa.

Ngongole ndiyo imafafaniza zonse zimene tanenazi. Musakongole ndalama kuti mukagule chinthu chifukwa chatsitsidwa. M'magulu ambiri a banki m'khonde chiwongoladzanja chimakhala 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo cha katapila chimaposa apo kutalitali. Chinthu chotsitsidwa ndi 15 peresenti chogulidwa ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha 20 peresenti chasanduka chodula mwezi ukangotha. Mafoni ndi masola olipira pang'onopang'ono athandiza anthu ambiri, koma musanasaine chulukitsani ndalama ya patsiku ndi masiku onse, muwonjezere yoyamba ija, muyerekeze ndi mtengo wogula kamodzi. Mukaona kusiyanako mudzasankha muli maso. Chiperegani ndiye chabwino pa katundu wamkulu, poti mulibe chiwongoladzanja: mwezi wanu ukafika mumagula matiresi kapena matumba a chimanga ndi ndalama m'manja, ndipo wa ndalama m'manja ndi amene amanenerera mwamphamvu.

Nyumba yanu ili ndi mwayi umene mwina simunauone: ndalama zimalowa m'njira ziwiri, yanu kamodzi pamwezi, ya bambo tsiku lililonse. Khalani pansi awiri mugawane ntchito ya ndalamazi. Malipiro anu, tsiku lomwe alowa, alipire lendi, magetsi, madzi ndi zogula zonse za mwezi zosawonongeka, kudzera m'gulu la aphunzitsi anzanu lija. Ya kabaza, bambo atachotsapo ya petulo ndi yosungira kukonzetsa njinga, igule ndiwo, makala ndi chigayo, ndipo kachigawo kena kazilowa tsiku lililonse m'kabokosi kapena ku Mpamba ya padera yodikira chimanga cha mu Juni. Mwezi woyamba udzakhala wothina, chifukwa mudzakhala mukugula za mwezi wonse kwinaku mukubweza ngongole ya kuokala ya mwezi watha. Ngati zonse sizitheka nthawi imodzi, yambani ndi zitatu zimene mumagula m'timaphukusi kawirikawiri, shuga, mafuta ndi sopo, mwezi wotsatira muwonjezere nyemba ndi mpunga. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, mundiuze zimene kope lija likuonetsa komanso tsiku la mwezi limene ndalama yathera.